Aphunzitsi Kumbamizu ndi Thadzi la a Gwaza

Uthenga wa maliro a Aphunzitsi Filipo Kamtedza unandipeza ku sekondale nditagwada pakhonde la ofesi, chifukwa cha chule amene anapezeka m'nsapato ya kapitawo wa chipinda chathu chogona. Mnzanga wa ku Mtakataka, amene anali atangofika kuchokera kumudzi, anadutsa pafupi n'kundinong'oneza kuti, "Akumbamizu atisiya. Anawaika kale." Ndinapempha ahedi kuti ndidzuke, anandikaniza. Choncho ndinawalira chigwadire. A Kamtedza akanandiona akanati zandiyenera, kenaka akanayamba kundifunsa kumene Azungu analitenga liwu lawo lonena za chilango.

Dzina la Kumbamizu ndinawapatsa ndine, ndipo sindichita nalo manyazi, pakuti eni ake analikonda. Anali munthu wamfupi, wadazi, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Jekete lawo la kaki linali loyera choko m'matumba monse. Tsiku loyamba kutiphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 5, pa sukulu yathu ya kufupi ndi Golomoti, sanabwere ndi buku. Analowa atanyamula mtengo wa chinangwa wathunthu, wongozula kumene, dothi likuyoyokera pa tebulo. Anatifunsa kuti munthu wanjala amayamba kuwerenga masamba kapena amakumba pansi. Chingerezi nachonso, iwo anati, masamba ake ndi osawerengeka, ndipo woloweza tsamba limodzilimodzi adzakalamba asanakhute. Koma pansi pali mizu yochepa yodyetsa masamba onsewo, ndipo waugwira muzu umodzi watenga mawu khumi.

Mizuyo anaidziwira ku seminale, kumene anaphunzirako Chilatini ali mnyamata. Za chimene anachokerako anthu amanena zosiyana. Ena amati anadwala, koma aliyense amene anawaona Mayi Agata, akazi awo, sankafunsanso. A Kamtedza ankatiuza kuti mawu aataliatali a Chingerezi, aja amatiopsa m'mabuku, ambiri si a Angerezi ayi, anachita kubwereka kwa Aroma. Ndiye munthu wovala jekete lobwereka, ankatero, usamamuope kwambiri.

Chinangwa chija chinali cha Mayi Agata. Chaka chilichonse ana atsopano akalowa, chinangwa china chinkazulidwa chisanakhwime, ndipo chaka chilichonse tinkawamva mayiwo kuseri kwa sukulu.

"Inu a Filipo, ana a eni akhuta Chizungu. Nanga anuwa adya chiyani?"

"Agata, ndi phata limodzi lokha."

"Chaka chathanso linali limodzi lokha. Bwanji osazula chisoso? Chilibe mizu?"

Phunziro la a Kamtedza silinkatheka munthu ali chikhalire. Tsiku lina anatipititsa ku siteshoni ya sitima, nyengo yokweza mabelo a thonje. Analemba pansi ndi ndodo kuti port, n'kutiuza kuti kwa Aroma kumeneko kunali kunyamula. Analoza thonje lopita kunja, ati export. Analoza matumba a mchere otsitsidwa, ati import. Sitima yonseyo, transport. Bambo wina amene anali atasenza sutikesi ya mzungu anamuimitsa, n'kutiuza kuti timuwombere m'manja chifukwa ndi porter. Bamboyo anatiyang'ana ngati tapenga. Pobwerera aliyense ananyamula mwala, ndipo pa khwawa lililonse tinkafuula liwu loyenera tisanawoloke. Ine ndinakweza mkono.

"Aphunzitsi, nanga Portuguese amanyamula chiyani?"

"Amanyamula ana osamva, kupita nawo ku Tete."

Anzanga ataseka, iwo anaima pakati pa njira n'kunena kuti funso langa silinali lopusa monga mwini wake. Si muzu uliwonse wofanana ndi chinangwa umene uli chinangwa, ina ndi yoledzeretsa, ndiye ukakumba uzifunsa usanadye. Umu ndi mmene analili. Ukawaponyera mwala, iwo amaumangira nyumba.

Si onse ankasangalala nazo. A Benedikito, akatekisiti, ankati sukulu si bwalo la gule, ndipo ana ophunzira amamveka ndi liwu limodzi, osati chiphokoso ngati pamsika wa nsomba. Awiriwa anakulira limodzi, ankapemphera pa benchi imodzi, koma pa nkhaniyi sanagwirizanepo. A Benedikito anali atakadandaula kale kwa ansembe oyang'anira masukulu, ndipo ansembewo anali atachenjeza. Tonse tinkadziwa kuti setifiketi ya a Kamtedza inali yakalekale, ndiponso kuti anyamata ochokera ku sukulu ya uphunzitsi anali kudikira malo. Dandaulo lina lalikulu likanangobwera, ntchito yawo ikanatha.

Komaliza kuwaona kunali pa tchuthi chathachi. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, chifuwa chikuwavuta. Sanandifunse za moyo. Anandifunsa kuti ndawabweretsera liwu lanji kuchokera ku sekondale. Ndinawapatsa limene ahedi amanditchula nalo, incorrigible. Analigawa patatu ndi chala pa bondo, ngati akutumbula nsomba: apa kukana, apa kuwongola, apa kutheka. "Wosawongoleka!" Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, Mayi Agata n'kundithamangitsa. Ndili pa mpanda anandikuwira kuti ahedi athuwo ndi munthu wophunzira, ndiziwamvera.

Koma chimene adzakumbukiridwe nacho kwathu ndi ukwati wa mawu, ndi mlandu umene unatulukamo chaka chija akuluakulu ankakangana za chitaganya cha maiko atatu.

Lachisanu lililonse tinkatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa bwemba. A Kamtedza ankati muzu wa liwu uli ngati mkazi wa kwathu kuno: ndiye mwini mudzi, sasuntha. Kachidutswa kobwera kutsogolo kwake ndi mkamwini, amachita kudzafunsira, ndipo akalakwa amanyamula mphasa yake. Ndiye atsikana, amene anali owerengeka m'kalasimo, ankakhala pa mphasa atakoleka masileti m'khosi, polembedwa mizu. Anyamata tinali akamwini. Mkamwini akafika, ankhoswe awiri ankaimirira n'kulongosola mwana amene abadwe, ndiye kuti liwu latsopanolo ndi tanthauzo lake. Ankhoswe akalephera, ukwati unkatha pomwepo, anthu n'kukuwiza. Amayi ochokera ku chitsime ankaima ndi mitsuko pamutu kuonerera. Palibe amene ankajomba Lachisanu, ngakhale wa malungo.

Ine ndinaona kuti seweroli linkasowa chinthu chimodzi. Chinkhoswe chenicheni sichitha ndi pakamwa pokha. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, ndipo nkhukuzo zikasinthana manja anthu akuona, nkhani yatha. Lachisanu lina mkazi anali Velonika, wanzeru kutiposa tonse, atakoleka port. Mkamwini anali Lazalo, atakoleka ex. Amalume ake a Velonika, a Gwaza, ndi bambo ake a Lazalo, a Chimbalanga, anali asakulankhulana chifukwa cha malire a munda wa thonje. Ndiye inu mukanakhala ine mukanatani? Thadzi ndinakalitenga m'khola la a Gwaza, tambala m'khola la a Chimbalanga, ndipo ndinadzipereka kukhala nkhoswe wa kuchikazi.

Nditatulutsa nkhukuzo m'dengu, a Kamtedza anaomba m'manja. Liwu likawatenthera m'mutu sankafunsa kanthu. "Onani anzanu amene amakonzekera phunziro!" anatero. Nkhuku zinasinthana manja, amayi a mitsuko analuluta, mwana anabadwa dzina lake export. Titaweruka, thadzi tinakaliwotcha kudambo ine ndi anzanga, ndipo Lazalo, wosadziwa kanthu, ndinamupatsa ntchafu monga mkamwini. Tambala ndinakamulowetsa m'khola la a Gwaza, popeza anali wa kuchikazi tsopano. Ine mwambo ndimautsata mpaka kumapeto.

M'mawa mwake a Gwaza anadzutsidwa ndi tambala wa mdani wawo. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti Velonika wakwatiwa kwa Chimbalanga, ankhoswe analipo, nkhuku zinaperekedwa, ndipo thadzi mkamwini wadya kale. Lolemba a Gwaza anafika pa sukulu atamukolekera tambala uja kukhwapa.

"Aphunzitsi, mwini mbumba ndani pano, inu kapena ine?"

"Ndinu, a Gwaza. Khalani pansi tikambirane."

"Ndikhale pansi? Mwana wa mlongo wanga mwamupereka kwa munthu wondidyera mizere ya thonje, ine osamva ngakhale odi! Tinakupatsani ana kuti muwaphunzitse, inu mwatsegula bwalo la maukwati?"

"Linali sewero chabe."

"Sewero limadya nkhuku?"

 A Gwaza anamugwira Velonika pa mkono n'kutuluka naye. Sabata isanathe, eni mbumba ena anachita chimodzimodzi, mphasa ya atsikana inatsala yopanda munthu. Ansembe anabwera pa njinga yamoto, a Benedikito akuwatsogolera ndi nkhope ya munthu amene ananeneratu. Chigamulo chinali chachidule: atsikana akapanda kubwerera mwezi usanathe, kubwera mphunzitsi wina. Ndipo sewero la Lachisanu lithe.

A Kamtedza anayankha mwaulemu, chipewa chili m'manja, kuti za atsikanazo avomera, ndi mlandu wawo, awabweza. Koma za sewerolo anakana. Anati ntchito angathe kuwalanda, koma iwo sangaphunzitse ana poyanika mawu pa bolodi ngati usipa pa thandala. A Benedikito anagwira pakamwa. Ansembe anangoti tiona, n'kuliza njinga yawo.

Kuti ndine ndinachita, ngakhale mbuzi zinkadziwa. A Kamtedza akanatha kundikokera kwa a Gwaza ndi khutu, nkhani n'kupepuka. Sanatero. Anati mwana akabweretsa moto m'kalasi, wamkulu amene anauwombera m'manja ndiye wotentha nyumba. Anagwira thadzi la Mayi Agata, lokhalo limene linkaikira.

"Chinangwa munatha, tsopano mwayamba ziweto," anatero mayiwo. Koma anawamangira okha miyendo yake ndi luzi.

Ine ndinawatsatira chapatali, chifukwa zoterezi sindiphonya. Atafika kwa a Gwaza anakana mpando. Munthu wa imvi, wodziwa Chilatini, anakhala pa dothi ndi jekete lake, n'kuika nkhuku patsogolo.

"Ndabwera ndi mlandu wanga m'manja. Thadzi lanu linadyedwa pa sukulu yanga, nali lina. Koma mbiri ya mwanayu siingayere ndi nkhuku. Chimene chinamangidwa anthu akuona chimasulidwe anthu akuona, ndipo womasula ndinu, mwini mbumba. Bwerani Lachisanu pa bwemba pomwe paja. Itanani aliyense amene mufuna."

A Gwaza anavomera. Ndikuganiza kuti chimene chinawakoka n'choti a Chimbalanga akalandire tambala wawo pagulu.

Lachisanu limenelo kunadzaza ngati pa msika wa thonje. Ansembe analipo, a Benedikito analipo, asodzi ena ochokera kunyanja amene anabwera kudzagulitsa nsomba anatsamiritsa njinga zawo n'kukhala. A Kamtedza anatulutsa mpando wawo wa m'kalasi, umene sankalola munthu kuukhudza, n'kukhazikapo a Gwaza. Velonika anakhala pa mphasa pambali pawo, sileti lake m'khosi, maso pansi. A Gwaza analankhula motalika, malire a munda analowamonso, kenaka anabweza tambala. Lazalo anavula sileti lake, n'kuchoka anthu akumuseka kuti ntchafu ija abweze.

Anthu anayamba kudzuka, poganiza kuti zatha. Apo n'kuti a Kamtedza akungoyamba.

"A Gwaza, pepani, funso limodzi. Banja likatha kwathu kuno, ana amatsala kuti?"

"Kuchikazi. N'zofunsa zimenezo?"

"Ndiye mwana wa banja lathali ndi wanu. Velonika, auze amalume ako dzina lake ndi ntchito yake."

Velonika ananena chapansipansi kuti export, kunyamula kupita nazo kunja, monga thonje likakwera sitima.

"Thonje langa lija?" anafunsa a Gwaza.

"Lomwelo, amalume."

"Hm. Ndiye n'zoona, ameneyo ndi wa kwathu."

Anthu anaseka n'kukhalanso pansi. A Kamtedza anati tsiku lija analakwa chifukwa analola akamwini kulowa m'mudzi mwini mbumba palibe. Lero alipo. Aliyense wofunsira ayambe wagwada kwa a Gwaza, ndipo chimene iwo anene ndi chomwecho. Anakodola mnyamata woyamba, wokoleka im. A Gwaza anakhala tsonga. Ntchito imeneyi ankaidziwa.

"Kwanu n'kuti, iwe? Khasu umalitha, kapena ndiwe wa pa bawo?"

Mnyamatayo anayankha kuti kwawo n'ku Roma, ntchito yake kulowetsa zinthu m'kati. A Gwaza anakanda chibwano. Chingerezi sankachidziwa ngakhale moni, ndipo anthu onse anali kudikira. Anawerama n'kunong'ona, koma kunong'ona kwa a Gwaza kumamveka kutsidya kwa njanji.

"Iwe Velo, ameneyu timulole?"

"Muloleni, amalume. Mwana wake ndi import, katundu wolowa m'dziko."

"Ndaona ine kuti ndi wa khama. Lowa!"

Wachiwiri anali Pawulo, mwana wa a Benedikito, atakoleka pre. Sindikudziwa ngati a Kamtedza anachita dala, koma ine pa mpando wawo ndikanachita dala. A Gwaza anaweramanso.

"Nanga uyu?"

"Ayi, amalume. Liwu lotero kulibe. Sangabereke."

"Choka! Ngakhale Azungu akukana!"

Pa bwemba panagwa phwete. Amayi ena anatula mitsuko kuti aseke bwino. Ansembe anavula magalasi n'kumapukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. A Gwaza anali atalawa, sanafunenso kuleka. Anaitanitsa akamwini ena, analola, anakana, wina anamuuza kuti akabwere ndi akwawo. Liwu lililonse ankayamba afunsa Velonika, ndipo Velonika, amene anafika atazyolika, tsopano ankayankha mokweza, nthawi zina asanafunsidwe. Mizu itamuthera pa sileti lake, a Kamtedza anati n'zachisoni kuti midzi ina ilibe eni ake lero. Amalume a atsikana ena aja anayang'anana. Mmodzi anatuma mwana kuti akaitane mlongo wake kumunda.

Pomaliza a Gwaza anaimirira n'kunena kuti Velonika abwerera Lolemba, koma pa mfundo imodzi: Lachisanu lililonse iwo azikhalapo, chifukwa aphunzitsiwa ndi munthu wabwino koma sadziwa kusankha akamwini. Ansembe anawonjezera yawo, kuti chamoyo chilichonse cha nthenga chisadzapondenso pa phunziro la Chingerezi. Za mphunzitsi wina sanatchulenso. A Benedikito anapita kwawo osatsanzika, koma Lachisanu lotsatira tinawaona ataima kuseri kwa tchalitchi, khutu lili kuno.

Ine changa chinabwera pambuyo. A Kamtedza anandipatsa chitsa cha mtengo wa msangu chimene chinali kuseri kwa kalasi, kuti ndichikumbe ndi mizu yake yonse osadula ngakhale umodzi, ndipo muzu uliwonse ndiutchule dzina la Chilatini ndi ana ake. Manja anatuluka matuza. Iwo ankabwera madzulo aliwonse, manja kumbuyo, kudzandifunsa ngati ndalapa. Ndinkayankha kuti thadzi lija linali lonona. Ankapukusa mutu n'kutembenuka msanga kuti ndisaone mano. Mizu ya pa chitsa chimenecho ndi imene inandikhozetsa mayeso olowera ku sekondale, ndiye amene akufuna kuti ndilape ayambe wandiuza chimene ndinataya. Velonika ali ku sukulu ya uphunzitsi tsopano. A Gwaza amauza aliyense kuti anamuphunzitsa ndi iwo.

A Kamtedza anaphunzitsa mpaka miyendo inakana. Akuti masabata omaliza ana ankawanyamula pa mpando kupita nawo pa bwemba, iwo n'kumalamula transport ndi mawu osamveka bwino. Pa maliro awo a Benedikito ndiwo anatsogolera nyimbo, ndipo akuti pakati pa nyimbo mawu anawathera, anthu n'kupitiriza okha.

Ndinafika kumudzi sukulu yathu ya kale isanatsekere, ndipo Lachisanu ndinapita kukaona. Mphunzitsi watsopano ndi mnyamata waudongo, wa tayi. Ana amakhala m'kati, mazenera otseka, akubwereza mawu a pa bolodi ndi liwu limodzi. Pansi pa bwemba, pamene mapazi athu anapapondaponda mpaka kuuma ngati pa dwale, pamera udzu. Zipatso zagwa, palibe wotola, poti ana saloledwa kufikako nthawi ya sukulu. Mbuzi ziwiri zinali zitagona pamalo pa mphasa.

A Gwaza ndinawapeza pomwepo. Anabwera ndi kampando kawo ka kunyumba, atavala malaya a ku tchalitchi, atakhala moyang'ana chitseko cha kalasi. Anandiuza kuti mwina mnyamatayo sanauzidwe za dongosolo la Lachisanu, ndipo si bwino kumuchititsa manyazi, azindikira yekha. Tinakhala. Belu loweruka linalira, ana anatuluka n'kuthamangira kwawo, mphunzitsi anakhoma chitseko, anatipatsa moni waulemu n'kudutsa. A Gwaza anayang'ana udzu uja kanthawi, kenaka anawerama n'kuyamba kuuzula ndi manja, kuyambira pamene pankagwada akamwini.